Mawu oti "upend" alipodi kapena ndangowapeka? A chizungu thandizeni

NaPhiri_waZomba
Abale apagulu pano ndithandizeni msanga, lipoti likufunika Lachisanu. Ndikulemba za mmene sukulu za ku Phalombe ndi Mulanje zinayendera chidutsireni namondwe wa Freddy, nde pena pake ndinalemba kuti "the cyclone upended the school calendar". Abwana abweza pepala atazunguliza mawu a upended ndi bolopeni yofiira, pambali alemba appended ndi chizindikiro cha funso, kenako pakamwa akuti mawu amenewo iwo sanawamvepo chibadwire mwina ndimafuna kunena disrupted. Ine mawuwa ndimawaona pa BBC pafupipafupi. Nde funso langa, alipodi? Ndipo ngati alipo akusiyana pati ndi disrupt kapena overturn, chifukwa mu dikishonale ya pafoni akungondizunguza, ukafufuza ili akulozera linalo.

Kabaza77
Kkkkk abwana anuwo akalembetse sukulu ya kwacha, malo alipo

Mphunzitsi_Wopuma
Mawuwo alipo mayi, ndipo mwawalemba molondola. Ndi mneni wopangidwa ndi timawu tiwiri, up ndi end, ndiye tanthauzo lake loyambirira ndi la zinthu zogwirika: kutenga chinthu n'kuchiimika kuti mbali yomwe imakhala pansi iloze kumwamba. Mukatsuka ndowa n'kuivundikira panja kuti iume, you have upended the bucket. Mwana akatenga chikwama chanu n'kuchizondotsa kuti zonse zikhuthukire pamphasa, he upended the bag. Kuchoka pamenepo ndi pomwe anayamba kuwagwiritsa ntchito pa zinthu zosagwirika, mapulani, moyo wa munthu, malonda, ndale.

Samalani zinthu ziwiri. Choyamba, pamafunika chinthu chomwe chikutembenuzidwacho chibwere pompo pambuyo pa mneniyo popanda kamawu kena pakati. Upend the plan, osati upend on the plan, osatinso upend down kapena upend over monga ndinaonera mwana wina atalemba. Chachiwiri, nthawi yakale ndi upended basi. Ena amaganiza kuti poti send imapita ku sent ndipo spend ku spent ndiye kuti iyi ikhala upent. Ayi, kulibe chinthu chimenecho.

Koma musafulumire kukondwa. Pa nkhani ya disrupt abwana anu akhoza kukhala ndi mfundo. Disrupt ndi kudodometsa chinthu chomwe chimayenda, magetsi athima pakati pa phunziro la kompyuta, mwadikira, ayaka, mwapitiriza pomwe munalekezera. Upend ndi pamene palibenso popitirizira, dongosolo lonse muyenera kulikhalira pansi n'kuliyala mwatsopano. Ndiye dzifunseni nokha, kalendala ya sukulu nthawi ya Freddy inangoima kenako n'kupitiriza, kapena inasinthiratu?

NaPhiri_waZomba
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Sukulu zinatsekedwa masabata angapo, zina zinachedwerapo kutsegula chifukwa m'makalasi munali anthu othawa madzi, koma mayeso a boma analembedwabe chaka chomwecho

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye pa kalendalapo ine ndikanalemba disrupted. Upended isungireni pomwe ikuyenera.

Chilobwe_Boy
Pomwe ikuyenera ndi pa miyoyo ya anthu, osati pa kalendala. Ine ndinali konkuno March 2023 matope akutsika phiri la Soche usiku, ndipo anthu omwe tinkakhala nawo mzere umodzi ena mpaka lero sanabwerere, ena ali kumudzi, ana anasintha sukulu, wina anali ndi shopu pano amagulitsa makala. Anthu opitirira 1,000 anafa dziko lino. Munthu akandilembera kuti Freddy disrupted our lives ndingamufunse kuti iwe unali kuti, chifukwa disrupt ine ndimaimva ngati basi yachedwa. Apa nde lembani upended asisi, mwina nayonso ikuchepa.

Mtolankhani_wakale
A Chilobwe_Boy anena bwino. Ngati mukufuna chitsanzo cha kalendala yomwe inachitadi upended ndi ya nthawi ya Covid. Sukulu zinatsekedwa mu March 2020, zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September, mayeso a MSCE a chaka chimenecho anathetsedwa mu November ataonekera, ana anadzalembanso mu January 2021, ndipo chaka cha sukulu chomwe tinazolowera kuti chimayamba September chinadzayamba January. Zinatenga zaka kuti kalendala ibwerere m'malo mwake. Pamenepo palibe mkonzi angakuzungulizireni mawu.

Koma ndinene zomwe ena sakonda kumva. Mawu amenewa atchuka chifukwa cha olemba mitu ya nkhani, makamaka a ku America. Ali ndi zilembo zisanu zokha, amakwana pamalo ochepa, ndipo amamveka amphamvu. Chiyambireni Covid chilichonse chikungochita upend, mitengo ya mafuta upend, chisankho upend, foni yatsopano upend, mpaka mphamvu yake yayamba kusuluka. Ine nthawi yanga mtolankhani wachinyamata akandibweretsera mawu oterewa ndinkamufunsa kuti chatembenuzika ndi chani kwenikweni, tandiuze. Akakanika kuyankha ndinkachotsa.

Kabaza77
Koma nkhani ya appended ija palibe waiyankha kkk abwana aja amatanthauza chani

Tiya_waPoly
Append ndi kuphatikiza kanthu kumapeto, monga mukalemba lipoti n'kumata mndandanda wa mayina kumbuyo. Appendix ija imachokera pomwepo. Vuto ndi lakuti ife tonse tikamayankhula mawu awiriwa amatuluka chimodzimodzi, apendi, nde munthu yemwe upend sanaionepo yolembedwa mutu wake umathamangira ku append yomwe amakumana nayo m'maimelo tsiku ndi tsiku. Abwanawo sindikuwaseka ine. Ndipo chenjerani pafoni, kiyibodi ina mukalemba upend imakusinthirani yokha kukhala append musanaone, nde tangoganizani mwalemba kuti the floods appended our plans, ndekuti madzi osefukira amata mapulani anu kumapeto kwa chikalata kkkk

MaiWaAwiri_Leeds
Azungu eni ake amasiyanitsa pang'ono chabe pa chiyambi, upend imayamba ngati up, ina ija imayamba ndi ka a kofooka kongodutsa. Pa onse awiri mphamvu ili kumapeto, pa end ndi pa pend. Koma kunena zoona kuno pakamwa sindimvamva anthu akunena upend, kuntchito kwathu munthu amangoti it turned everything upside down kapena it messed up my plans. Upend ndi ya m'nyuzi ndi pa wailesi. Disruption nde tsiku lililonse pa siteshoni ya sitima, sitima ikachedwa mphindi khumi akuti we apologise for the disruption, mpaka ana anga anaiphunzira asanadziwe kulemba dzina lawo

Loya_Wamawa
Ndilowepo pa overturn poti palibe waikhudza bwinobwino, ndipo apa m'pomwe anthu ambiri amasakaniza. Khoti silichita upend chigamulo. Simudzapeza jaji atalemba kuti I hereby upend. Bwalo lalikulu likasintha zomwe bwalo laling'ono linagamula timati overturn, kapena set aside, ndipo ngati ndi munthu yemwe anapezeka wolakwa kenako apilo yamuyendera amati the conviction was quashed. Likagwirizana nazo ndi uphold. Pa chisankho mawu ake ndi nullify kapena annul.

Chitsanzo chili pakhomo pompano. Pa 3 February 2020 majaji asanu a Constitutional Court anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019 n'kulamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150. Pamenepo mulemba kuti the court annulled the election, kapena overturned the result, zonse zili bwino. Mu May chaka chomwecho Supreme Court inagwirizana nawo, ndiye it upheld the ruling. Chisankho chatsopano chinachitika pa 23 June. Tsono upend ikulowa pati? Ikulowa pa zotsatira zake. Majaji aja ananenanso kuti majority ndi mavoti opitirira theka, 50+1 ija, osati kungoposa anzako monga zinkamvekera kuyambira mlandu wa a Gwanda Chakuamba wa pambuyo pa chisankho cha 1999. Chimenecho chinasintha masamu a zipani zonse, aliyense anayamba kusaka mgwirizano. Ndiye wolemba nkhani akhoza kunena kuti the ruling upended Malawian politics ndipo sanalakwe. Khoti linachita annul chisankho, chigamulocho n'kuchita upend ndale. Ku Kenya mu 2017 zinalinso choncho, Supreme Court yawo inachita annul.

Mbadwa_yaThyolo
Inu a Loya mukuyamba dala. Chigamulo chimenecho ena mpaka lero sitinachimvetse, ndipo onani zomwe zinatsatira

Kabaza77
Tippex yofufutira zotsatira za chisankho ija munaimvetsa koma chigamulo ayi? kkkk

Admin_Gulu
Abale ndale ayi chonde, lamulo mukulidziwa. A Loya apereka chitsanzo cha mawu basi. Wina akapitiriza ndifufuta.

Mbadwa_yaThyolo
Chabwino bwana admin. Ndifunse za chizungu nde. Boma likagwetsedwa ndi asilikali ndi overturn kapena upend?

Loya_Wamawa
Zonse ziwiri ayi, ndi overthrow kapena topple. Nkrumah was overthrown in 1966, ali paulendo kunja kwa dziko. Overthrow ndi ya kulanda boma mwamphamvu, musaigwiritse pa munthu woluza mavoti, mudzayambitsa nkhani ina. Woluza mavoti ndi defeated kapena voted out.

MaiWaAwiri_Leeds
Topple ndinaimva kwambiri mu June 2020 anthu atagwetsa chiboliboli cha Edward Colston ku Bristol, uja ankachita malonda a akapolo, anachikoka ndi zingwe n'kukachiponya padoko m'madzi. Nyuzi zonse zinati toppled. Chinthu chachitali choimirira chikagwa cham'mbali ndi topple, chikhale chiboliboli, mtengo kapena pulezidenti

Maule_4Life
Inu nonse mwaiwala komwe mawu amenewa amakhala kwenikweni, ku mpira. Mverani ma commentator a ku England, winga akathamanga nawo difenda n'kumusesa miyendo munthu n'kugwa chadodolido amati he was upended in the box, penate pompo. Ine ndinaidziwira kumeneko osati mkalasi. Ndipo aku America amaigwiritsa ntchito timu yaing'ono ikagonjetsa yaikulu

Nyerere_Weniweni
Nde madifenda a timu yanu ija ndi akatswiri a upend, mpira kuusiya kumangosesa anthu

Maule_4Life
Bwerani ndi zikho tikambirane achimwene, osati pakamwa

Tiya_waPoly
Koma timu yaing'ono ikagonjetsa yaikulu mesa amati upset? Ndasokonezeka tsopano

Maule_4Life
Zonse zimagwira, koma upset nde yodziwika ponseponse ndipo imakhalanso dzina, a big upset. Chitsanzo, January 2010 ku Angola, Flames ya Kinnah Phiri kuithira Algeria 3 kwa 0, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda, pomwe Algeria inali itatenga kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Imeneyo ndi upset yeniyeni. Mzungu wa ku America akanalemba Malawi upends Algeria, wa ku England akanalemba Malawi stun Algeria. Koma simunganene kuti it was a big upend, imeneyo kulibe. Tsiku limenelo ku Ndirande sikunagonedwe

Nyerere_Weniweni
Kenako tinatuluka mu gulu lomwelo tili kumapeto ndipo Algeria inafika semi final, muzimaliza nkhani

Mphunzitsi_Wopuma
Anyamata a mpira atithandiza, chifukwa chitsanzo cha winga wogwa mutu pansi miyendo m'mwamba chikusunga chithunzi chenicheni cha mawuwa. Ndionjezere pa upset. Kalekale inkagwiranso pa zinthu, he upset the cup of tea, kutanthauza kuti wagwetsa kapu tiyi n'kutayika, ndipo m'mabuku akale a sukulu mudzaipeza choncho. Masiku ano mukangoti upset munthu amamva zokhumudwa kapena za m'mimba. Ndiye mu lipoti musalembe kuti the cyclone upset the community pofuna kunena kuti inasokoneza zonse, owerenga adzamva ngati anthu anangokhumudwa.

Galimoto nayo ili ndi mawu ake. Minibasi ikagubuduzika pa Linthipe timati the minibus overturned, ndipo onani kuti apa overturn ikuima yokha popanda chinthu pambuyo pake. Bwato likatembenuzika panyanja ndi capsize. Upend kuima yokha si kawirikawiri, ine ndimaidziwa pa abakha, akamaviika mutu m'madzi kusaka chakudya mchira uli m'mwamba amati the ducks are upending.

Gogo_Nasibeko
Ine ndikuwerenga zonsezi ndikungoseka. Mwakhala tsiku lonse kulimbana ndi kamawu kamodzi ka eni ake pomwe kwathu kuno tili nawo ambirimbiri ndipo aliwonse ali ndi ntchito yake. Mbale ukaiika kukamwa pansi wavundikira. Kamba ukamuika msana pansi miyendo m'mwamba wamugadabuza. Botolo ukaliimika mutu pansi walizondotsa. Mwala waukulu umaugubuduza, nsomba pamoto umaitembenuza, munthu wolusa amapidigula tebulo. Mzungu pa zonsezi akangoti upend kapena overturn sudziwa ngati chinthucho chagona chafufumimba kapena chagada. Ana a masiku ano mawu awa sakuwadziwa, chilichonse akuti yapanga disturb

Tiya_waPoly
Agogo nde mukanakhala inu chiganizo cha a NaPhiri mukanachinena bwanji pa Chichewa?

Gogo_Nasibeko
Namondwe anasokoneza sukulu, basi. Koma za anthu a ku Chilobwe aja sindinganene kuti anasokoneza, ndinganene kuti anawabalalitsa, anawasiya padzuwa. Ukanena kuti anatembenuza miyoyo yawo anthu akumva ngati analapa kutchalitchi

Mtolankhani_wakale
Agogo agunda penipeni pomwe omasulira nkhani za pa wailesi amagwera. Nkhani imabwera m'Chingerezi, nthawi yatha, munthu amangotenga mawu ndi mawu, upended lives akuti yatembenuza miyoyo, court overturns ruling akuti khoti lagubuduza chigamulo. Womvera kumudzi akudabwa kuti chigamulo chili ndi matayala kodi. Pomwe tikanangoti bwalo lalikulu lathetsa chigamulo chija, kapena lakana zomwe bwalo laling'ono linagamula, aliyense wamva.

Jonijoni_Hillbrow
Ine ndibwerere pa disrupt chifukwa aphunzitsi mwainena ngati ndi kanthu kakang'ono, kuno kwa anyamata a bizinesi ndi mawu aulemu kwambiri. Aliyense woyambitsa ka app akuti we want to disrupt the industry ndipo anthu akuwomba m'manja. Uber italowa mu Johannesburg ma taxi a mita aja anaona zakuda mpaka kunali kumenyana pa masiteshoni a sitima ya Gautrain, nde amati Uber disrupted the taxi business. Pamenepo palibe zoti magetsi ayaka tipitirize pomwe tinalekezera, msika unasinthiratu. Kumudzinso chimodzimodzi, kale kutumiza ndalama kwa amayi kumafuna upeze munthu wokwera basi kapena upite ku positi ofesi, pano Airtel Money ndi Mpamba zinathetsa zonsezo. Nde lamulo lanu lija silikugwira apa

Mphunzitsi_Wopuma
Mwanena zoona achimwene, ndipo tanthauzo limenelo ndi la a zamalonda, linafala kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Harvard, Clayton Christensen, m'zaka za m'ma 1990. Koma ndi la m'bwalo lawolo. Kunja kwa bwalo limenelo disrupt ikadali kudodometsa, ndipo si mawu oyamikira. A NaPhiri akulemba za sukulu ndi namondwe, owerenga awo adzaimva m'njira yakale ija.

MaiWaAwiri_Leeds
Eee si oyamikira ndithu. Mwana wanga wamkulu anabwera ndi lipoti lakusukulu lolembedwa kuti he can be disruptive in class, bambo ake omwe amakonda mavidiyo a bizinesi pa YouTube akuti mwana ameneyu adzakhala bwana, ine ndinati bambo a Tadala khalani pansi, akunena kuti amalongolola mkalasi anzake akuphunzira

Kabaza77
Kkkkkkk bambo a Tadala ndi munthu wa chikhulupiriro

Jonijoni_Hillbrow
Nde mphwanga wina anandituma ndimuonere CV analemba kuti I am a disruptive young professional, akufunsira ntchito ya ukalaliki pa sukulu ya mishoni. Ndinamuuza achotse msanga

Tiya_waPoly
Koma ine chikundinyansa ndi china. A NaPhiri adziwa mawu omwe abwana awo sakuwadziwa, nde yankho la gulu lino likukhala loti abwerere ku disrupted. Mpaka liti tizichepetsa chizungu chathu kuti akuluakulu asachite manyazi? Kusukulu ankatipachika chikwangwani pakhosi tikayankhula Chichewa, pano tachiphunzira chizungucho akutinso mawu awa ndi achilendo chotsani. Tizipanga chani kwenikweni

Mtolankhani_wakale
Palibe wanena kuti achepetse chifukwa cha abwana. Tanena kuti pa kalendala ya 2023 mawu olondola ndi disrupted chifukwa cha zomwe zinachitikadi, ndipo pa miyoyo ya anthu upended ikukwana. Abwana sakulowapo pamenepo. Koma poti mwaiyamba, funso lomwe ine ndimafunsa ndi lakuti lipotilo akawerenge ndani. Ngati likupita kwa opereka thandizo ku London kapena ku Washington, upended aimva mosavuta, amaiona m'nyuzi m'mawa uliwonse. Ngati likukawerengedwa pa msonkhano wa khonsolo pomwe pali mafumu, a komiti ya sukulu ndi alangizi, munthu mmodzi mwa ophunzira bwino waima kale pa mawuwo n'kuika funso, ndiye ena angati adzaima? Lipoti si mpikisano wa dibeti.

Tiya_waPoly
Nde anthu adzaphunzira liti mawu atsopano ngati aliyense akuwabisa? Inuyo munaidziwa chifukwa wina anailemba osaopa

Mtolankhani_wakale
Ndinaidziwira m'nyuzi, pomwe ndinali ndi nthawi yotsegula dikishonale. Mfumu pa msonkhano ilibe nthawi imeneyo ndipo siimika dzanja kufunsa.

Loya_Wamawa
Ine ndili mbali ya a Tiya pang'ono. Chiganizo chikalembedwa bwino munthu amatha kumva tanthauzo ngakhale mawu ena sakuwadziwa. Mukalemba kuti the cyclone upended the lives of families who lost homes, crops and schools in one night, ndani angaganize kuti akunena za kumata pepala kumapeto? Vuto la chiganizo cha a NaPhiri linali lakuti calendar ndi chinthu choti ukhozadi kuchichita append ku lipoti, nde abwana anasokonezeka mwachilungamo.

Chilobwe_Boy
Apa a Loya mwalasa. Sindinaganize zimenezo

AnaBanda_HR
Ndakhala ndikungowerenga koma ndiyankhepo za abwanazo poti ndi ntchito yanga. Asisi musapite ndi foni m'manja kukawaonetsa dikishonale pamaso pa anthu, mudzapambana mkangano koma mudzaluza zambiri. Konzani pa kalendala paja muike disrupted monga ananenera, apo awona kuti mwawamvera. Upended muiike pa ndime ya mabanja ija. Akaizungulizanso nde mukalowe muli awiri muwauze kuti bwana mawu awa ndinawapeza m'malipoti a mabungwe akunja ndinaona ngati akukwana apa, mukuona bwanji. Ambiri akapatsidwa mpata wotero amati asiyeni, ndipo mwezi wamawa mudzawamva akuwagwiritsa ntchito pa miting'i ngati anabadwa nawo.

Kabaza77
Ndipo adzawatchula kuti apendedi kkkk

Mbadwa_yaThyolo
Poti aphunzitsi alipo ndifunsiretu. Upturn nayo ndi gulu lomweli? Ndinawerenga pena kuti an upturn in tobacco prices ndinaganiza kuti mitengo yagubuduzika, koma nkhaniyo ikuoneka ngati alimi akusangalala

Mphunzitsi_Wopuma
Imeneyo ndi msampha. Upturn ikakhala dzina ndi nkhani yabwino, zinthu zayamba kukwera, ndipo mnzake wotsutsana naye ndi downturn. Koma upturned ikamafotokoza chinthu ndiye kuti chavundikirika kapena chagadabuzika, an upturned boat, an upturned crate. Ndiye upturn in prices alimi akondwa, upturned lorry alimi alira. Upend ilibe mbali yabwino yotereyo ndipo ilibe dzina lake lodziwika, mukafuna dzina mutenge upheaval kapena disruption malinga ndi kukula kwa nkhaniyo.

Nyerere_Weniweni
Nde kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ija tilembe chani aphunzitsi, disruption kapena upheaval

Jonijoni_Hillbrow
Zitengera unali mbali iti ya boda achimwene, ife otumiza ma rand sitinadandaule sabata yoyamba, mpaka amayi anaimba kuti thumba la feteleza lakwera kuposa zomwe ndaonjezerazo

Maule_4Life
Ine ndinali nditasunga ya njinga yamoto yokwana ndendende, ndinapita kukagula anandiuza kuti ndalama imeneyo pano ndi ya matayala ndi helemeti. Lembani upended my plans ndipo musaike funso pambali